Ma home run 44 anagula Silver Slugger, tsopano agulanso $92.5 miliyoni? (Zokambirana za baseball ya MLB, Januwale 2025)

Nambewe_Fenway
Anzanga, ndakhala ndikudzigwira kuyambira Novembala koma lero zandikwana. Toronto yamupatsa Anthony Santander zaka 5, $92.5 miliyoni, ndipo paliponse akulemba zoti ndi mwini Silver Slugger, mphoto ya omenya bwino mpira, ngati kuti mphoto ija anaitenga popanda mafunso. Ku outfield ya American League mipando inalipo itatu. Aaron Judge ndi Juan Soto, palibe angatsutse. Koma wachitatu zoona n'kukhala Santander, Jarren Duran wa Boston Red Sox ali pomwepo? Mu 2024 Santander, ali ku Baltimore Orioles, batting average yake inali .235. Duran .285, ma double 48, ma triple 14, zonse ziwiri kutsogolera ligi, ma home run 21, n'kubanso mabesi 34. Pa OPS (kuphatikiza kufika pa besi ndi mphamvu yomenya) Duran .834, Santander .814. Ovotawo anaona chiyani kupatula nambala ya 44? Ndithandizeni, mwina chikondi cha Red Sox chandiphimba m'maso.

KaOriole
Achemwali, mwadziyankha nokha pa mzere womalizawo.

Nambewe_Fenway
Ndinadziwa kuti woyamba kutulukira mukhala inuyo. Munthu wakuthawani kale koma mukumuikirabe kumbuyo.

KaOriole
Sanathawe, ndife amene sitinafune kutulutsa ndalama. Koma 44 musaitchule ngati ndi nambala ya nsapato. Mu MLB monse omuposa analipo awiri okha, Judge 58 ndi Shohei Ohtani 54. Soto weniweniyo anathera pa 41. RBI (ma run amene analowetsa pomenya) anali nazo 102. Komanso kumbukirani kuti amamenya mbali zonse ziwiri, ndipo akaima kumanja amalimbana ndi khoma la kumanzere la bwalo lathu la Camden Yards lija analikankhira kutali mu 2022, limene lameza mipira yambiri yoti kwina ikanatuluka. Duran theka la magemu ake amamenyera pa Fenway, bwalo la Boston, pamene mpira wouluka wamba umagunda khoma lalitali lija la Green Monster n'kusanduka double. Za mabesi 34 zo, kumeneko n'kuthamanga. Mphotoyi ndi ya ndodo, si ya miyendo.

Masamu_Okha
Nonse muli ndi mfundo, koma tiyambe ndi amene amavota. Silver Slugger savotera atolankhani, amavota ndi mamanejala ndi makochi a matimu, ndipo saloledwa kuvotera wosewera wa timu yawo. Zakhala choncho kuyambira 1980. Anthu amenewa sakhala pansi ndi kompyuta kuwerengera OPS. Amakumbukira amene anawapweteka. Kochi wa oponya akamakonzekera Baltimore, dzina limene limamusowetsa tulo ndi la munthu woti akalakwitsa mpira umodzi, ma run atatu alowa nthawi imodzi.

Mbali ya a Nambewe ndi iyi: timu ili ndi ma out 27 okha pa gemu, ndipo Santander amawadya kwambiri. OBP yake (kuchuluka kwa kufika pa besi) inali .308, ya Duran .342. Pa maulendo 650 opita kukamenya, ndiye kuti Duran amafika pa besi maulendo oposa 20 pamene mnzakeyo wabwerera kukakhala pa benchi. Ine ndikanavotera Duran. Koma kusiyana kwa .020 pa OPS, wina ali pa Fenway wina pa Camden, sindingakutchule kuti kuba. Ndi mlandu woti oweruza awiri anzeru akhoza kugamula mosiyana.

Ankolo_Bronx
Ana inu ndi manambala anu. Ine ndinayamba kutsatira masewerawa mu 1996, nthawi ya Derek Jeter ndi Bernie Williams, ndipo munthu womenya .235 sankatchulidwa n'komwe pa nkhani ya mphoto. Mukalira za Duran, nanga Luis Arraez alire bwanji? Watsogolera ligi pa batting average zaka zitatu zotsatana, ndi matimu atatu osiyana: .316 ku Minnesota, .354 ku Miami, .314 chaka chathachi atapita ku San Diego. Ma hit 200. Strikeout 29 zokha sizoni yonse, pamene ena amazikwanitsa m'masabata atatu. Mu 2024 watuluka chimanjamanja. Ngati kumenya mpira si kumeneko, ndiuzeni kuti kumenya n'chiyani.

Mayi_Awiri_SD
Ankolo, Arraez ndi wathu ndipo ndimamukonda, makamaka poti anamaliza sizoni ndi chala chachikulu chovulala mpaka kukachitidwa opaleshoni itatha. Anamulandanso Ohtani Triple Crown (kutsogolera ligi pa average, ma home run ndi RBI), chifukwa Ohtani anathera pa .310. Koma tinene zoona: ma home run 4, ma walk 24, OBP .346. Ma hit akewo pafupifupi onse ndi ma single. Ndipo ankasewera first base ndi DH (wongomenya, osagwira mpira). Ku first base kuli Bryce Harper ndi ma home run 30, ku DH kuli Ohtani. Mukanamulanda ndani? Marcell Ozuna anamenya .302 ndi ma home run 39, nayenso sanapate kanthu, ndipo sindinamve wina akumulirira.

Ankolo_Bronx
Ndiye mayi, ma single masiku ano asanduka tchimo?

Mayi_Awiri_SD
Si tchimo ayi, kungoti pamafunika atatu kuti run imodzi ilowe.

Wongodutsa
Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kutsatira chaka chathachi chifukwa cha anzanga a kuntchito. Ndimamva Silver Slugger, Hank Aaron Award, MVP, batting title. Zonsezi si chinthu chimodzi?

Masamu_Okha
Takulandirani. Batting title savotera, amangotenga amene average yake ili pamwamba mu ligi. Mu 2024 anali Bobby Witt Jr. wa Kansas City ndi .332, ndi Arraez uja. Silver Slugger imapita kwa womenya bwino pa malo aliwonse, catcher wake, shortstop wake, ligi iliyonse payokha. Hank Aaron Award inayamba mu 1999 ndipo ndi ya womenya mmodzi yekha pa ligi, mosayang'ana malo. Anatenga Judge ndi Ohtani. MVP amavota atolankhani 30 pa ligi, ndipo amaphatikiza zonse, kugwira mpira ndi kuthamanga komwe. Anatenganso awiri omwewo, aliyense mavoti oyamba onse 30.

Vuto la kugawa ndi malo ndi loti Gunnar Henderson, shortstop wa ma home run 37, sanalandire kanthu chifukwa kutsogolo kwake kuli Witt, pamene Josh Smith wa Texas, .258 ndi ma home run 13, ali nayo m'nyumba chifukwa anamuika m'gulu la utility limene anawonjezera mu 2022.

KaOriole
Apo ndiye pali kuba kwenikweni, koma a Nambewe sanenapo kanthu poti Gunnar savala malaya a Boston.

Dzuka_Usiku
Ine kuno ku Lilongwe gemu ya 7 koloko madzulo ku New York imandipeza 1 koloko usiku, ndiye ndimasankha zoonera mosamala. Witt ndi amene anandidzutsa kwambiri chaka chatha. Ma hit 211, ma home run 32, mabesi 31, kuwonjezera Gold Glove pa shortstop. Chaka china chilichonse akanakhala MVP. Mavoti oyamba onse kupita kwa Judge zinandiwawa pang'ono, ngakhale mmodzi yekha akanamukumbukira mwanayu.

Ankolo_Bronx
.322, ma home run 58, RBI 144, OBP .458, slugging .701. Mwana wanga, ukagone.

Buluu_LA
Ankolo, manambala a Judge ndi oopsa, sitikana. Ife timangokumbukira inning yachisanu ya Game 5, muli patsogolo 5-0, mpira wa Tommy Edman ukubwera molunjika pa glove, iye n'kuugwetsa. Kenako Gerrit Cole kuima n'kumaloza first base m'malo mothamangirako. Zinatha 7-6, chikho ku Los Angeles.

Ankolo_Bronx
Mavoti amaponya World Series isanayambe. Ndipo palibe anakufunsa.

WaKuJoni27
Popeza tafika pa mavoti, mwaona za Ichiro Suzuki? Walowa Hall of Fame ndi mavoti 393 mwa 394. Pali munthu mmodzi amene anayang'ana ma hit 3,089, amene anayamba kuwerengedwa munthuyo ali kale ndi zaka 27, anayang'ananso 262 a mu 2004, n'kunena kuti ayi. Adziulule ameneyo timuone nkhope.

Ankolo_Bronx
Mwaona? Ichiro ankamenya ma single omwewo ndipo lero nonse mukumuwombera m'manja. Akanayamba lero mukanati alibe mphamvu.

Masamu_Okha
Ichiro ankaba mabesi oposa 500, anatenga Gold Glove 10, ndipo dzanja lake ku right field linali loti othamanga ankaima okha pa second base. Arraez alibe chimodzi mwa zimenezi. Ankolo, musawaike m'thumba limodzi.

Nambewe_Fenway
Tabwererani kuno abale. Funso langa lachiwiri ndi la ndalama. Mwezi womwe uno Duran wagwirizana ndi Boston pa kontilakiti ya chaka chimodzi yosafika $4 miliyoni, atachita kukanganirana. Santander azilandira zoposa $18 miliyoni pachaka. Ngati si mphoto ija yachititsa, n'chiyani?

Masamu_Okha
Si mphoto, achemwali. Ndi kalendala. Wosewera akalowa mu MLB, timu yake imamusunga mpaka atakwanitsa zaka 6 za service time, ndipo chaka chimodzi amachiwerengera masiku 172 ali pa mndandanda wa timu yaikulu. Zaka zitatu zoyambirira amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa, omwe anali $740,000 mu 2024 ndipo akhala $760,000 mu 2025. Kenako amalowa mu arbitration, kumene malipiro amakwera pang'onopang'ono pofanizira ndi anzake a zaka zofanana, osati ndi msika. Akamaliza zaka 6 zija m'pamene matimu onse 30 angamulimbirane.

Santander wafika pamenepo. Duran adzafika ikatha sizoni ya 2028, ali ndi zaka 32, miyendo imene mukuitamayo itayamba kulemera. Akanatenga Silver Slugger, mwina arbitration ikanamuwonjezera kangachepe, poti kumeneko mphoto amazitchula. Koma sizikanasintha nkhani. Onani Brent Rooker: Silver Slugger ya DH, .293, ma home run 39, RBI 112, kuposa Santander pafupifupi paliponse, msinkhu womwewo wa zaka 30. Wasayina zaka 5, $60 miliyoni ndi Athletics. Bwanji zochepa? Analibe ufulu wopita kwina, anali atatsala ndi zaka zitatu m'manja mwa timu. Munthu amene Minnesota ndi San Diego anamusinthanitsa, Kansas City n'kumutaya pa waivers, sangakane $60 miliyoni yotsimikizika.

Komanso 92.5 yo musaitenge momwe yalembedwera. Gawo lalikulu adzalandira mtsogolo kontilakiti itatha, ndiye mtengo wake weniweni lero ndi wotsikirapo. Msika sunamukhulupirire monga anachitira makochi aja. Akanakhala ndi OBP ya .360 bwenzi tikukamba zoposa $150 miliyoni, ndipo sakanadikira mpaka Januwale.

KaOriole
Chimene chikundiwawa n'choti Baltimore inamupeza motchipa kwambiri pa Rule 5 draft mu 2016, kuchokera ku Cleveland, n'kumulera yokha. Inamupatsa qualifying offer (kontilakiti ya chaka chimodzi) ya $21.05 miliyoni ikudziwa kuti akana, cholinga itolepo draft pick. M'malo mwake tatenga Tyler O'Neill, zaka 3, $49.5 miliyoni, munthu amene amadziwana bwino ndi madokotala. Corbin Burnes naye wapita ku Arizona. Mwini timu watsopano tinkamuvinira uja tikumudikirabe.

Nambewe_Fenway
O'Neill tinali naye ife. Ma home run 31 m'magemu 113. Akakhala bwino mudzasangalala, koma musamakonze mapulani a sabata yamawa.

Chimtali_Queens
Mukukangana za 92 miliyoni ngati ndalama. Moni kwa onse kuchokera ku Queens, kwawo kwa Mets, kumene kuli Juan Soto zaka 15 zikubwerazi. $765 miliyoni, palibe kakhobidi kodikira mtsogolo. Ankolo, muli bwanji?

Ankolo_Bronx
Ndili bwino, kaya iwe mwana wopanda ulemu. Yankees inaika $760 miliyoni pa zaka 16. Munthu wafika World Series, akumenya kutsogolo kwa Judge, khoma la kumanja lili pafupi ngati anamumangira iyeyo, ndipo wasiya zonsezo. Apite. Koma ndinene chimodzi, pa 19 Okutobala ku Cleveland sindidzaiwala. Inning ya 10, 2-2, awiri atuluka, awiri ali pa mabesi. Hunter Gaddis akumuponyera slider ndi changeup, iye akungoichotsa foul, wina, wina, winanso, uku akugwedeza mutu kumuyang'ana m'maso ngati akuti bweretsa uja ukubisayo. Gaddis n'kuponyadi fastball m'mwamba. Ine ndinaimirira mpira usanatsike. Mnyamata ameneyu ankadziwa chimene akudikira kuyambira mpira woyamba.

Chimtali_Queens
Mwafotokoza bwino kuposa mmene ndikanachitira. Zikomo potilerera chaka chimodzi.

Wongodutsa
Koma Judge ndi amene ali MVP, ndipo ndinawerenga kuti kontilakiti yake ndi $360 miliyoni. Soto alandira bwanji kuwirikiza kawiri?

Masamu_Okha
Msinkhu. Judge anasayina zaka 9 mu Disembala 2022 ali ndi zaka 30. Soto wafika pa msika ali ndi 26, chifukwa analowa mu MLB ali ndi 19 ku Washington mu 2018, ndiye zaka zake 6 zinatha msanga. Timu ikamagula munthu wa zaka 30 imagula zaka ziwiri kapena zitatu zabwino ndi mchira wautali wa kutsika. Ikagula wa 26 imapeza pachimake ponse. Komanso chida chachikulu cha Soto ndi diso: ma walk 129 chaka chatha, OBP .419. Diso silikalamba msanga ngati miyendo. Mu 2022 anakana $440 miliyoni ya Washington anthu n'kumati wapenga. Kudikirako kwamupindulira $325 miliyoni.

Ndipo 765 ikhoza kukwera. Ikatha sizoni ya 2029 ali ndi ufulu wotuluka, ndipo Mets ikafuna kumutsekera khomo iyenera kukweza malipiro a pachaka kuchoka pa $51 miliyoni kufika $55 miliyoni, zonse pamodzi n'kukhala $805 miliyoni.

Mayi_Awiri_SD
Zaka 15 ndi zambiri abale. Adzakhala ndi zaka 40, ndipo kugwira mpira ku right field n'kovuta kale panopa. Albert Pujols anapita ku Angels ndi $240 miliyoni ali womenya woopsa kuposa wina aliyense, tinaona mmene zinathera. Anthony Rendon $245 miliyoni, sanafikepo magemu 60 pa sizoni chisayinireni. Kris Bryant ku Colorado, $182 miliyoni. Chris Davis wa Baltimore, a KaOriole anene okha.

KaOriole
Dzina limenelo m'nyumba mwanga sititchula.

Chimtali_Queens
Onse mwatchulawo anasayina ali ndi zaka 29 kupita m'mwamba. Ndipo ndalama ndi za Steve Cohen, mwini Mets, si zanga. Atipatse chikho chimodzi, chomaliza tinachiona mu 1986, zotsalazo adzalira ndi akawuntanti ake.

Buluu_LA
Anthu amene mumalipirabe Bobby Bonilla $1.19 miliyoni pa 1 Julayi aliyense mpaka 2035 mukunyadira zoti simunasunge ngongole ya mtsogolo. Chabwino.

Dzuka_Usiku
A Buluu, inu ndiye musayambe. Ohtani $700 miliyoni, koma akulandira $2 miliyoni pachaka, 680 yotsalayo kuyambira 2034 mpaka 2043. Pa msonkho wa luxury tax akumuwerengera pafupifupi $46 miliyoni m'malo mwa 70. Mwatenga Blake Snell $182 miliyoni, mwabweza Teoscar Hernández $66 miliyoni, onse ndi ndalama zina zodikira. Tsopano Roki Sasaki. Ena tizionera chiyani?

Buluu_LA
Lamulo limalola timu iliyonse kuchita zimenezo, ndipo maganizo odikira ndalama anabweretsa ndi Ohtani mwini. Komanso timu imayenera kuika ndalamazo padera pasadakhale, si zongolonjeza pakamwa. Za Sasaki ndiye musatinamizire chikwama. Ali ndi zaka 23, ndipo wochokera kunja wosafika 25 amawerengedwa ngati mwana wa international bonus pool. Walandira $6.5 miliyoni basi. Pittsburgh, Tampa Bay, aliyense akanakwanitsa. Anasankha yekha.

Mayi_Awiri_SD
Anabwera mpaka ku Petco Park kudzaponya, ife n'kumati zatheka. Zinandipweteka kuposa za Soto. Yoshinobu Yamamoto anadikira mpaka 25 n'kulandira $325 miliyoni. Uyu wasiya ndalama zoterozo chifukwa chofulumira zaka ziwiri, ndipo Chiba Lotte, imene inamulera mpaka kuponya perfect game ya ma strikeout 19 mu Epulo 2022, yangotolapo nyenyeswa.

WaKuJoni27
Toronto nayonso inali m'gulu la atatu omaliza. Ohtani anawalaka, Soto anawalaka, Sasaki wawalaka. Santander ndi amene wavomera kukwera ndege. Mwina zina mwa ndalamazo ndi zopukutira misozi.

Pa za ana ochokera kunja, ife kuno timakumbukira Gift Ngoepe, woyamba wobadwira mu Africa kusewera MLB. Anasayina ndi Pittsburgh mu 2008, n'kukhala ku minor league mpaka 26 Epulo 2017, ndipo ulendo wake woyamba anamenya single kwa Jon Lester. Zaka zonsezo m'mabasi. Anthu akamakamba ma prospect (ana oyembekezeka kudzachita bwino) amangoona asanu apamwamba, osaona mazana amene akudikira ngati iyeyo.

Nambewe_Fenway
Ma prospect ndiye nkhani imene ikutisowetsa mtendere ku Boston. Tapereka anayi ku White Sox kuti tipeze Garrett Crochet: Kyle Teel, Braden Montgomery, Chase Meidroth ndi Wikelman González. Teel ndi Montgomery onse anali oyamba kusankhidwa ndi timu pa draft, 2023 ndi 2024. Mtima unandipweteka pa Teel, catcher womenya kumanzere sapezeka wamba. Koma Roman Anthony, Marcelo Mayer ndi Kristian Campbell atsala, ndiye ndapirira.

KaOriole
Achemwali, mverani ine amene ndadutsamo. Chaka chatha nthawi ngati ino dziko lonse linkati Jackson Holliday ndi prospect nambala 1. Anamukweza mu Epulo, ma hit 2 pa maulendo 34, ma strikeout 18, n'kumubweza ku Norfolk. Ankachita kuoneka kuti fastball ya m'mwamba ikumudutsa asanaganize. Atabwerera pa 31 Julayi anamenya grand slam mpaka pa Eutaw Street, tonse tinati wafika. Anamaliza ndi .189. Sindikuti watha, ali ndi zaka 21 zokha. Koma amene amalemba mayina a ana atatu pa lineup ya 2025 ngati zachitika kale, adzadwala mtima.

Mayi_Awiri_SD
Pa ma Jackson atatu aja, Holliday, Chourio ndi Merrill, amene ankatchulidwa pomaliza ndi wathu, Merrill. Shortstop amene anamuuza mu spring training kuti uphunzire center field. Wamaliza .292, ma home run 24, RBI 90, Silver Slugger chaka choyamba. Rookie of the Year anapatsa Paul Skenes, ndipo ndi ERA (ma run amene woponya amalola pa ma inning 9) ya 1.96 sindingachite phokoso kwambiri, ngakhale Merrill ankasewera tsiku lililonse pamene mnzakeyo kamodzi pa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi.

Koma phunziro lenileni ndi Jurickson Profar. Mu 2013 anali prospect nambala 1 wa baseball yonse ku Texas. Phewa linamudyera zaka ziwiri, anayendayenda, Colorado inamutaya mu 2023. Ife tinamutola ndi $1 miliyoni. Ali ndi zaka 31 wamenya .280, OBP .380, ma home run 24, All-Star koyamba, Silver Slugger koyamba. Lero ndadzuka n'kumva kuti wapita ku Atlanta, zaka 3, $42 miliyoni. Zaka 11 kudikira kuti zimene ankalemba za iye zioneke.

Dzuka_Usiku
N'chifukwa chake ine ndimati mwana akapatsidwa kontilakiti asanayambe, asayine. Jackson Chourio analandira zaka 8, $82 miliyoni kwa Milwaukee asanamenyepo mpira ndi umodzi womwe mu MLB. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bondo likhoza kuthyoka mawa.

Chimtali_Queens
Kafunseni Ozzie Albies. Zaka 7, $35 miliyoni mu 2019, ali kale All-Star. Ronald Acuña Jr. zaka 8, $100 miliyoni, n'kudzatenga MVP ndi ma home run 41 ndi mabesi 73. Soto akanamvera malangizo anuwo bwenzi pano akulandira theka.

Dzuka_Usiku
Acuña yemweyo wang'ambika ACL kawiri, bondo lililonse kamodzi. Mukuganiza kuti amagona akudandaula kuti anasayina?

Masamu_Okha
Matimu amapambana pa makontilakiti amenewa chifukwa amabetcha pa ana ambiri, pamene mwana ali ndi thupi limodzi. Philadelphia inataya $24 miliyoni pa Scott Kingery, Seattle chimodzimodzi pa Evan White, ndipo palibe inagwa nazo. Chourio mmodzi akaphulika, ndipo ma home run 21 ndi mabesi 22 ali ndi zaka 20 akusonyeza komweko, wabweza zonsezo kangapo. Onaninso kumene ambiri osayina msanga amachokera: Venezuela, Curaçao, Dominican Republic, anyamata amene anasayina koyamba ali ndi zaka 16 ndipo abale onse akuyang'ana kwa iwo. Holliday bambo ake anasewera MLB zaka 15, akhoza kudikira mosatekeseka. Mwayi wokana si wofanana.

Chimene chasinthako n'choti kuyambira mgwirizano wa 2022, kubisa mwana ku minor league kuti umubere chaka, monga Cubs inachitira Kris Bryant mu 2015, kuli ndi mtengo wake. Pittsburgh inamukweza Skenes mu Meyi, koma poti watenga Rookie of the Year, wapatsidwa chaka chathunthu cha service time. Ikanamuyambitsa mu Epulo bwenzi itapezanso draft pick yowonjezera, ngati mmene Seattle inapezera pa Julio Rodríguez. Yaluza mbali zonse ziwiri.

Wongodutsa
Ndiye amene atsala opanda timu pano ndi ndani? Mnzanga wa kuntchito akungodandaula za Pete Alonso.

Chimtali_Queens
Mnzanuyo ndi ine tili m'boti limodzi. Alonso ndi Alex Bregman ndi amene atsala akuluakulu. Alonso vuto lake n'lofanana ndi la Santander: zaka 30, ma home run 34 koma .240, ndipo ndi wa first base womenyera kumanja, mtundu umene matimu akuuopa kuupatsa zaka zambiri. David Stearns, amene amagula osewera ku Mets, sagula ndi mtima. Koma ine ndinaona inning ya 9 ku Milwaukee, tili kumbuyo 2-0, sizoni ikutha, iye n'kutumiza changeup ya Devin Williams kuseri kwa khoma la kumanja. Munthu wotero sumusiya apite chifukwa cha chaka chimodzi chowonjezera.

Masamu_Okha
Chaka chowonjezeracho ndi chimene chimapweteka. Ndipo Stearns akudziwa kuti Vladimir Guerrero Jr., .323 ndi ma home run 30, akhoza kufika pa msika ikatha 2025 ali ndi zaka 26. Wagwirizana ndi Toronto $28.5 miliyoni ya chaka chino chokha, ndipo wanena kuti spring training ikayamba za kontilakiti yaitali sakambanso.

Nambewe_Fenway
Alonso mutengeni, ife tipatseni Bregman. Rafael Devers akasunthe pa third base, tatopa ndi ma error.

KaOriole
Mukamuuze ndinu, munthu wa $313.5 miliyoni, kuti asunthe. Ine ndidzakhala pakhomo kuonerera.

Ankolo_Bronx
Inu kanganani. Ife ndalama za Soto tagulira Max Fried, zaka 8, $218 miliyoni, tatenga Cody Bellinger, Paul Goldschmidt ndi closer (woponya wotseka gemu) weniweni. Timu yakwana bwino kuposa chaka chatha.

Chimtali_Queens
Closer wakeyo ndi Devin Williams yemwe uja wa changeup, Ankolo. Subway Series ya Mets ndi Yankees ikafika mudzamubise.